Ankaimba pansanja koma osagona m'hotelamo: mmene mahotela ndi makasino a ku America anatsegukira anthu akuda

Pa Facebook pamayenda chithunzi chakale cha ku Las Vegas. Sammy Davis Jr., woimba wakuda, waima pansanja pakati pa Frank Sinatra ndi Dean Martin, onse atatchena masuti, akuseka ngati ana a mimba imodzi. Pansi pa chithunzicho sipalephera wofunsa kuti: si paja timamva kuti nthawi imeneyo ku America kunali tsankho loopsa? Nanga uyu akuoneka ngati mfumu bwanji?

Chithunzicho sichikunama, ndipo za tsankhozo si bodza. Zaka zochepa m'mbuyo mwake, Davis yemweyo akamaliza kuimba ankatulukira kukhitchini n'kukagona kutsidya kwa njanji. Ngakhale kumayambiriro kwa 1960, pomwe atatuwa ankadzaza holo ya hotela ya Sands usiku uliwonse, mayi wakuda wochapa nsalu za pabedi m'hotela yomweyo sakanatha kugula tikiti kuti akhale pansi n'kuonera.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti hotela ili ndi makomo atatu. Pali khomo la pansanja, khomo la mlendo wolipira, ndi khomo la ntchito. Makomowa sanatseguke tsiku limodzi, ndipo lililonse linatsegulidwa ndi kiyi wakewake.

Tsankho la m'lamulo ndi tsankho la mwambo

Dziko la America lili ndi zigawo 50, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo komanso bwanamkubwa wake, ndipo pamwamba pa zonse pali boma lalikulu la ku Washington. Ukapolo utatha mu 1865, boma lalikululo linakhazikitsa lamulo mu 1875 loti malo ogona alendo, sitima ndi maholo a zisudzo azilandira munthu aliyense posayang'ana khungu. Lamuloli silinakhalitse. Mu 1883 khoti lalikulu la dzikolo linaligwetsa, ponena kuti malamulo oyendetsera dziko amaletsa boma kusala anthu, koma sanena kanthu za mwini bizinesi amene akusankha yekha womugulitsa. Mu 1896, pa mlandu wa Plessy ndi Ferguson, khoti lomwelo linavomereza kuti azungu ndi akuda akhoza kupatulidwa bola zinthu zawo zikhale zofanana. Kufananako kunali kwa papepala chabe.

Zigawo za kummwera zinalemba malamulo ambirimbiri opatula anthu m'masukulu, m'mabasi, m'malesitilanti, ngakhale pampopi womwera madzi. Malamulo ndi zizolowezi zimenezi ndi zomwe zimatchedwa Jim Crow. Kumpoto ndi kumadzulo nkhani inali ina: malamulo otere anali ochepa, mwinanso kunali malamulo oletsa tsankho, koma kalaliki wa pahotela ankangoyang'ana nkhope n'kunena kuti zipinda zadzaza. Mu 1937 woimba wakuda wotchuka Marian Anderson anakanizidwa chipinda pa Nassau Inn ku Princeton, m'chigawo cha New Jersey, mpaka anakagona kunyumba kwa Albert Einstein. Mu 1940 Hattie McDaniel, mayi wakuda wosewera mafilimu, analandira mphoto ya Oscar m'hotela ya Ambassador ku Los Angeles atakhala patebulo lapadera, kutali ndi anzake omwe anasewera nawo filimu.

Agogo athu omwe anakhalako m'matauni nthawi ya Chitaganya safuna womasulira pa zimenezi. Ku Lusaka munthu wakuda ankagula nyama kudzera pakawindo ka kumbali kwa butchala, mzungu akulowera pakhomo. Ndalama yako ankaifuna, koma iweyo ayi.

Woyenda ulendo wautali ku America ndiye ankaona zakuda. Dzuwa likamalowa uli pamsewu ndi ana m'galimoto, ugona kuti? Mu 1936 Victor Hugo Green, wogwira ntchito kupositi wa ku Harlem mumzinda wa New York, anayamba kusindikiza kabuku kotchula mahotela, nyumba za anthu, malo odyera ndi omwetsera mafuta kumene munthu wakuda akhoza kuima osachitidwa chipongwe. Anthu ankangokatchula kuti Green Book. Kankatuluka pafupifupi chaka chilichonse kwa zaka 30.

Kutsidya kwa njanji

Kasino ndi nyumba yotchovera juga movomerezeka, ya matebulo a makadi, magudumu ozungulira ndi makina oponyamo ndalama. Chigawo cha Nevada chinaloleza juga mu 1931. Mu 1941 hotela ya El Rancho Vegas inatsegulidwa m'mbali mwa msewu wochokera ku Los Angeles, kenako Last Frontier mu 1942, Flamingo mu 1946, Desert Inn mu 1950, Sands mu 1952. Mzere wa mahotela umenewu ndi umene umatchedwa Strip. Nzeru ya eni ake inali yosavuta: chipinda chotchipa, chakudya chotchipa, woimba wotchuka usiku, kuti mlendo akhalitse n'kusiya ndalama zake patebulo.

Anthu akuda anabwera ambiri nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kudzagwira ntchito pafakitale ya Basic Magnesium ku Henderson, pafupi ndi mzindawo. Ochuluka anachokera m'matauni awiri aang'ono a kummwera, Fordyce ku Arkansas ndi Tallulah ku Louisiana, mmene zimakhalira kuti wina akapeza ntchito amaitana mphwake, mphwakeyo n'kuitana mlamu. Nevada inalibe lamulo lolamula mahotela kupatula anthu. Komabe ambiri mwa alendo otchova juga anali azungu ochokera ku Texas, ku California ndi kummwera, ndipo eni mahotela anaganiza kuti alendowo sangakhale tebulo limodzi ndi munthu wakuda. Akuluakulu a mzinda nawo anayamba kukana ziphaso za bizinesi kwa anthu akuda pokhapokha atasamukira ku Westside, dera la kutsidya kwa njanji lomwe misewu yake inali yafumbi ndipo nyumba zambiri zinalibe madzi a m'mipopi. Posakhalitsa anthu anayamba kutchula Nevada kuti Mississippi ya kumadzulo, kuifanizira ndi chigawo chomwe chinatchuka kwambiri ndi tsankho.

Apa ndi pamene khomo loyamba linatseguka lokha, chifukwa cha ndalama. Nat King Cole, Lena Horne, Louis Armstrong, Pearl Bailey ndi Sammy Davis Jr. ankadzaza maholo, ndipo ankalipidwa madola masauzande pa sabata. Koma nyimbo ikatha, ambiri ankakwera galimoto kupita ku Westside, kunyumba zogona alendo monga ya mayi Genevieve Harrison pa F Street. Zinali ngati woimba wa pa ukwati amene wavinitsa mudzi wonse, koma nsima akukamupatsira kuseri kwa khola.

Oimba ena amphamvu anakana. Josephine Baker, yemwe anali atatchuka kale ku Paris, ankaika m'mgwirizano wake kuti sadzaimba ngati muholo mulibe anthu akuda, ndipo anakwanitsa zimenezi ku Miami Beach mu 1951. Pakati pa zaka za m'ma 1950 akatswiri ochepa anayamba kupatsidwa zipinda m'mahotela omwe ankaimbamo, ndipo Sinatra anakakamiza a Sands kuti Davis azigona momwemo. Koma uku kunali kukomera munthu mmodzi mmodzi. Wophika ndi wokolopa sizinawakhudze.

Moulin Rouge

Pa 24 Meyi 1955, pa Bonanza Road m'mphepete mwa Westside, panatsegulidwa hotela ndi kasino yotchedwa Moulin Rouge. Inali yoyamba yaikulu mu Las Vegas kulandira mzungu ndi wakuda pakhomo limodzi. Eni mpamba anali azungu, otsogola ake Alexander Bisno ndi Louis Rubin, koma nkhope ya malowo inali Joe Louis, katswiri wakuda wa nkhonya wopuma, amene ankalandira alendo pakhomo ndipo anali ndi kagawo kochepa m'bizinesiyo. Chachilendo kwambiri sichinali alendo okha. Ambiri mwa operekera zakumwa, alonda ndi ovina anali anthu akuda, akugwira ntchito pamaso pa alendo, osati kuseri. Mwezi wotsatira, ovina ake anatuluka pachikuto cha magazini ya Life, yomwe inkawerengedwa m'dziko lonse.

Mahotela a ku Strip ankakhala ndi masewero awiri usiku. Moulin Rouge inawonjezera achitatu, cha m'ma 2:30 mbandakucha. Oimba achizungu akamaliza ntchito kwawo ankathamangira kumeneko, alendo n'kuwatsatira, ndipo kunkacha anthu akuimba mosakanikirana.

Pofika Okutobala chaka chomwecho, zitseko zinali zitatsekedwa ndi maloko. Chifukwa chake anthu amatsutsanabe. Zimene zili m'mabuku a khoti ndi ngongole: omanga ndi operekera katundu anali asanalipidwe, ndipo 1955 chinali chaka chomwe mahotela atsopano angapo mu Las Vegas anavutika chifukwa anachuluka kuposa alendo. Ena omwe anagwirako ntchito ankakhulupirira kuti ndalama zinkatuluka pakhomo lakumbuyo, ndipo enanso kuti eni mahotela a ku Strip anaipinga chifukwa inkawalanda makasitomala a usiku. Chimene mbali zonse zimavomereza n'chakuti holoyo inkadzaza. Mantha oti mzungu adzathawa akaona munthu wakuda patebulo anaonekera poyera kuti analibe maziko olimba.

Malichi 1960

Pa 1 Febuluwale 1960, ophunzira anayi akuda anakhala pamipando ya azungu pamalo odyera a sitolo ya Woolworth ku Greensboro, m'chigawo cha North Carolina, n'kukana kuchoka. Mchitidwewu unafalikira ngati moto wa m'tchire. Ku Las Vegas mtsogoleri wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda lomwe linakhazikitsidwa mu 1909, anali Dr. James McMillan, dokotala wa mano woyamba wakuda mumzindawo. Anaphunzira ku Meharry Medical College ku Nashville, sukulu yomweyo imene Dr. Hastings Kamuzu Banda anamalizako udokotala mu 1937.

McMillan analembera kalata meya Oran Gragson: ngati pofika pa 26 Malichi mahotela ndi makasino sanatsegukire anthu akuda, kudzakhala zionetsero pa Strip. Kunena zoona, nayenso uku kunali kutchova juga. Anthu omwe ankayenera kuguba ndi omwewo ochapa ndi kuphika m'mahotelamo, ndipo kuguba kukanatanthauza kuika ntchito pachiswe. McMillan analandira mauthenga omuopseza kuti aphedwa, mpaka amuna a ku Westside ankalondera nyumba yake.

Eni mahotela nawo anali ndi chowaopsa. Mu 1959 mzindawo unali utangotsegula holo yaikulu ya misonkhano, pofuna kukopa mabungwe ndi makampani a dziko lonse. Zithunzi za apolisi akumenya anthu pakhomo pa Sands zikanaononga malonda amenewo. Komanso ena mwa eni makasino anali ndi maubale ndi magulu a zigawenga, ndipo chomwe sankachifuna m'pang'ono pomwe ndi maso a boma la ku Washington.

Pa tsiku lomwelo la 26 Malichi, maola ochepa zionetsero zisanayambe, kunachitika msonkhano m'nyumba ya Moulin Rouge yomwe kasino yake inali yotseka. Analipo McMillan, Dr. Charles West yemwe anali dokotala wakuda wa mumzindawo, meya Gragson, bwanamkubwa Grant Sawyer, akuluakulu a polisi, ndi Hank Greenspun, mwini nyuzipepala ya Las Vegas Sun, yemwe anali mkhalapakati. Anagwirizana kuti kuyambira madzulo a tsiku limenelo munthu wakuda akhoza kulowa, kudya, kutchova ndi kugona. Panalibe lamulo lomwe linasainidwa. Unali mgwirizano wapakamwa. Anthu a NAACP anapita m'timagulu kukayesa makomo, ndipo ambiri anatsegukadi. Malo ena a m'katikati mwa tauni anaumirirabe kwa kanthawi, kuphatikizapo hotela ya Sal Sagev, yomwe dzina lake ndi Las Vegas mukaliwerenga chobwerera m'mbuyo. Ku Reno, kumpoto kwa chigawocho, tsankho linapitirira, ndipo Nevada inadzakhala ndi lamulo lake lenileni loletsa zimenezi mu 1965.

Ena amati chinagwira ntchito apa ndi kulimba mtima kwa anthu a ku Westside, ena amati ndi masamu a eni makasino. N'kovuta kulekanitsa ziwirizi, chifukwa masamuwo sakanawerengedwa pakanapanda wowaopseza.

Lamulo la 1964 ndi mwini motelo wa ku Atlanta

Mgwirizano wa mzinda umodzi sukanathandiza woyenda pamsewu wa ku Georgia kapena ku Alabama. Panafunika lamulo la dziko lonse, ndipo Africa inathandizira kulikankha mwa njira yomwe ambiri saidziwa. Mu Okutobala 1957 nduna ya zachuma ya Ghana, Komla Gbedemah, anauzidwa pa lesitilanti ya Howard Johnson's ku Dover, m'chigawo cha Delaware, kuti sangamwere chakumwa chake m'katimo. Pulezidenti Eisenhower anachita kumuitanira kadzutsa ku White House pofuna kupepesa. Mu 1961 kazembe wa dziko la Chad, Adam Malick Sow, anakanizidwa khofi pamsewu wa Route 40 ku Maryland, ali pa ulendo wokapereka zikalata zake kwa Pulezidenti Kennedy. Nthawiyo America inkalimbirana mayiko a mu Africa ongolandira ufulu ndi Soviet Union, ndipo nkhani iliyonse yotere inali mphatso kwa Moscow.

Koma mphamvu yaikulu inachokera kwa anthu akuda a m'dzikomo. Pa 18 Juni 1964, ku St. Augustine m'chigawo cha Florida, achinyamata akuda ndi achizungu analumphira limodzi m'dziwe losambira la Monson Motor Lodge. Woyang'anira malowo, James Brock, anathira asidi m'madzimo, wojambula ali pomwepo. Mawa lake aphungu a nyumba ya Senate anavomereza lamulo la ufulu wa anthu ndi mavoti 73 kwa 27, pambuyo pa miyezi ya mkangano, ndipo Pulezidenti Lyndon Johnson analisaina pa 2 Julayi. Gawo lachiwiri la lamulolo linaletsa tsankho m'mahotela, m'mamotelo, m'malesitilanti ndi m'malo a zisangalalo. Linasiyako kanyumba ka zipinda zosaposa zisanu komwe mwini wake amakhala momwemo.

Funso linali lakuti, nanga chigamulo cha 1883 chija? Moreton Rolleston, loya komanso mwini Heart of Atlanta Motel ya zipinda 216 ku Atlanta, m'chigawo cha Georgia, anathamangira kukhoti lamulolo litangosainidwa. Mfundo zake zinali zitatu: boma la ku Washington lalumpha malire ake, lamulanda ufulu wosankha wochita naye malonda pamalo ake, ndipo kumukakamiza kutumikira munthu amene sakumufuna ndi ukapolo. Mfundo yomalizayi anaitsamiritsa pa ndime yomwe inathetsa ukapolo wa anthu akuda.

Maloya a boma sanalimbane ndi chigamulo chakale chija, anachizungulira. Malamulo oyendetsera dziko amapatsa nyumba ya malamulo ya ku Washington mphamvu yoyendetsa malonda a pakati pa zigawo. Taganizirani resitihausi ya pa Mwanza kapena pa Dedza imene alendo ake ambiri ndi madalaivala a malole ochokera ku Beira ndi ku Johannesburg. Nyumbayo ili pamalo amodzi, koma bizinesi yake ndi ya pamsewu wodutsa malire. Motelo ya Rolleston inali pafupi ndi misewu ikuluikulu, inkalengeza malonda ake m'magazini a dziko lonse, ndipo alendo atatu mwa anayi alionse ankachokera kunja kwa Georgia. Ngati anthu mamiliyoni akulephera kuyenda chifukwa chosowa pogona, malonda a dziko akuvulala, ndiye boma lili ndi mphamvu yolowererapo. Pa 14 Disembala 1964 oweruza onse asanu ndi anayi anagwirizana ndi boma. Akatswiri a malamulo ena amadandaula mpaka lero kuti nkhani ya ulemu wa munthu inapambana podzera pakhomo la malonda, ndipo ena amadandaula kuti chigamulocho chinakulitsa kwambiri mphamvu za Washington. Chigamulocho chikugwirabe ntchito.

Khomo la ntchito

M'hotela ya kasino ndalama ili kutsogolo. Wogawa makadi, woperekera mowa ndi wonyamula zikwama amalandira kangachepe kuchokera kwa alendo, kamene nthawi zambiri kamaposa malipiro enieniwo. Kumbuyo, kochapira ndi kotsukira mbale, kulibe mlendo wokupatsa kanthu. Zaka khumi pambuyo pa 1960, anthu akuda mu Las Vegas ankatha kutaya ndalama zawo patebulo lililonse, koma kuima kuseri kwa tebulolo monga wogawa makadi kunali kosowa.

Loya wa NAACP Charles Kellar anakasuma, ndipo unduna wa zachilungamo wa ku Washington unatengera mahotela a ku Strip ndi mabungwe a apantchito kukhoti. Mu Juni 1971 mbalizo zinasaina mgwirizano womwe woweruza anaudinda, kotero kuti kuuphwanya kunali kunyoza khoti. Mahotela sanavomere kulakwa, koma analonjeza kuti pa ntchito zambiri zomwe zinatchulidwa, anthu 12 pa 100 alionse adzakhala akuda, ndiponso kuti adzaphunzitsa anthu ntchitozo n'kumapereka malipoti. Kutsatira kwake kunali kwa apa ndi apo, ndipo madandaulo anapitirira zaka zambiri, makamaka pa maudindo a umanijala. Mu 1990 Hattie Canty, mayi wamasiye yemwe ankakonza zipinda, anasankhidwa kukhala pulezidenti wa Culinary Workers Union, bungwe lalikulu la ogwira ntchito m'mahotela mumzindawo. Umwini ndiye unachedwa koposa: Don Barden wa ku Detroit anagula kasino ya Fitzgeralds m'katikati mwa Las Vegas mu 2001.

Zomwe zinatsekeka makomo atatseguka

Pali mbali ina imene anthu a ku Westside okalamba amaikamba mosanyadira. Nthawi ya tsankho, ndalama ya munthu wakuda inkazungulira m'dera lake chifukwa inalibe kwina kopita. Pa Jackson Avenue ndi misewu yapafupi panali makalabu monga Cotton Club, Brown Derby ndi Town Tavern, ndipo oimba otchuka ankamwera komweko. Strip itatseguka, makasitomala anawoloka njanji, koma azungu sanawolokere mbali inayo. Mabizinesi ambiri anafota.

Zinachitikanso m'mizinda ina. Hotel Theresa ya ku Harlem, komwe Fidel Castro anagona mu 1960, inasiya kukhala hotela mu 1967. A.G. Gaston Motel ya ku Birmingham, komwe Martin Luther King Jr. ankakonzera zionetsero za 1963 ndipo inaphulitsidwa ndi bomba chaka chomwecho, inadzasanduka nyumba za okalamba. Lorraine Motel ya ku Memphis, komwe King anawomberedwa pa 4 Epulo 1968, lero ndi nyumba yosungiramo mbiri. Green Book inasiya kutuluka patangopita zaka zochepa lamulo la 1964 litayamba kugwira ntchito. Palibe mwa okalambawo amene amafuna tsankho libwerere. Chomwe amafunsa n'chakuti bwanji mabanki ndi boma sanathandize mabizinesi awo kupikisana pamene mpanda unagwa.

Moulin Rouge inayesedwa kudzutsidwa kangapo. Sarann Knight-Preddy, mayi woyamba wakuda kukhala ndi chiphaso cha juga ku Nevada, anaiyendetsa ndi banja lake kuyambira m'ma 1980, ndipo mu 1992 inalembedwa m'kaundula wa malo a mbiri ya dziko. Mpamba wokwanira sunapezeke. Mu Meyi 2003 moto wochita kuyatsidwa unanyeketsa mbali yaikulu, moto wina unabweranso mu 2009, ndipo zotsala zinagwetsedwa. Chikwangwani chake cha magetsi, chojambulidwa ndi Betty Willis yemwenso anajambula chikwangwani chotchuka cholandira alendo polowa mu Las Vegas, chinali chitachotsedwa moto wachiwiriwo usanafike. Chili ku Neon Museum, komwe anachiyatsanso mu 2020.